Sabata ya makadi m'kalasi yanga ya mbiri ya zojambula

Ndimaphunzitsa mbiri ya luso la zojambulajambula pa koleji ina, ndipo sabata yathayi ndinaipatula kuti ine ndi ophunzira anga tikambirane chifukwa chimene akatswiri a ku Netherlands a zaka za m'ma 1600 ankakondera kujambula anthu akusewera makadi.

Lolemba ndinayamba ndi chithunzi cha Jan Steen, wojambula wa ku Netherlands, cha m'ma 1664, chimene chimasungidwa mumzinda wa Berlin. Pachithunzipo masewera athera pa ndewu: mwamuna wina akusolola lupanga, mkazi ndi mwana akumugwira kuti asachite ngozi, ndipo makadi angoti mbwee pansi. Ophunzira sanachedwe kuyankha kuti njuga ndi mowa zimabala chipolowe, ndipo sanalakwe, pakuti anthu opemphera a ku Netherlands, otsatira chiphunzitso cha mtsogoleri wa Chiprotestanti John Calvin, ankatcha makadi kuti buku la zithunzi la mdyerekezi. Ambiri a ife tinakulira m'mipingo yochokera ku chiphunzitso cha Calvin chomwecho, kotero kuti maso athu amathamangira kuona tchimo khadi likangooneka. Nditawauza kuti Steen anali Mkatolika, kuti anayendetsapo malo ofululira mowa ku Delft, komanso kuti mu 1672 anatsegula nyumba yogulitsiramo mowa kwawo ku Leiden, kalasi yonse inaseka, koma wina anafunsa funso limene linatitsata sabata yonse: kodi munthuyu ankalalikira, kapena ankangoseka makasitomala ake?

Lachiwiri tinabwerera m'mbuyo kukaona kumene mwambowu unachokera. Caravaggio, wojambula wa ku Italy, anajambula achinyengo akubera mnyamata pa makadi ku Rome cha m'ma 1595, ndipo ojambula a mumzinda wa Utrecht ku Netherlands amene anakakhalako ku Italy anabwerera kwawo ndi nkhani zoterezi. Mmodzi wa iwo, Hendrick ter Brugghen, anajambula asilikali akutchova njuga mu 1623. Munthu wa nthawi imeneyo akaona msilikali pa njuga ankakumbukira asilikali amene anachita maere pa malaya a Yesu pa Yohane 19, ndipo akaona mnyamata wovala bwino akuluza ndalama pakati pa akazi ankaganiza za mwana wolowerera wa pa Luka 15, ngakhale kuti fanizolo silitchula makadi nkomwe.

Lachitatu ndinalibe kalasi, ndipo ndinakhala tsiku lonse ndikuwerenganso mkangano wa akatswiri awiri. Eddy de Jongh, amene anakonza chionetsero chotchuka ku Rijksmuseum, nyumba yosungiramo zojambula ya ku Amsterdam, mu 1976, ankaona kuti zinthu wamba za m'zithunzizi zimabisa malangizo a makhalidwe, pamene Svetlana Alpers mu 1983 anatsutsa kuti Adatchi ankafunitsitsa kuonetsa dziko monga maso amalionera.

Tsiku limene ndinasangalala nalo kwambiri linali Lachinayi, pamene ndinaika pakhoma chithunzi cha Pieter de Hooch, amene ankajambulira ku Delft, cha mu 1658, chimene chili m'manja mwa banja lachifumu la ku Britain. M'menemo mulibe ndewu kapena woledzera. Anthu anayi ali m'chipinda chosesedwa bwino, mkazi wagwira makadi ake, chitseko n'chotsegula, ndipo dzuwa likulowa n'kumayenda pa matailosi mofatsa, pamene mkazi wina akubwera kuchokera pabwalo. Pansi pagwa khadi ndi kaliwo wosweka. Mtsikana wina anati zimenezi ndi chenjezo lakuti nthawi yotayidwa pa zosangalatsa sibwerera. Mnzake anamutsutsa kuti De Hooch anaziika pamenepo kuti diso liyeze kutalika kwa chipindacho, monga mmene mwala wa pamsewu umathandizira kuona mtunda. Anakangana mpaka nthawi inatha, ndipo ine sindinawalanditse. Ngati ndinganene zakukhosi kwanga, ndimaona kuti wamalonda wa ku Delft amene ankagula chithunzi chotere ankalipira kuwala kwa dzuwa ndi ukhondo wa chipindacho, ndipo chenjezolo, ngati linalipo, linali laling'ono lomulola kupachika m'nyumba mwake chithunzi cha anthu ocheza masana popanda manyazi alendo akafika. Pa chithunzi cha Steen chenjezo likuchita kufuula, koma nalonso linagulidwa ndi munthu wofuna kuseka nalo.

Lachisanu ndinachonga zolemba za ophunzira, ndipo zambiri zinali ndi chiganizo chofanana, chakuti khadi likuimira tchimo, ngati kuti De Hooch ndi Steen anajambula chinthu chimodzi. Sindinaike malikisi. Pansi pa pepala lililonse ndinalemba mafunso atatu, oti wagwira khadiyo ndani, akusewera ndi yani, ndipo chithunzicho chinkapachikidwa m'nyumba ya munthu wotani, kenaka ndinawabwezera kuti alembenso pofika Lolemba.