Ulendo wathu wa ku Herrnhut, kwa inu amene munatsala

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la mapemphero kuno ku Berlin, a tcheya andiuza kuti ndilembe msanga lipotili poti ena ayamba kale kufotokoza nkhani ya nkhuku ija mosiyana ndi mmene zinaliri. Ndiye mvetserani.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa pa sitima mpaka Dresden, kusintha ina ya ku Löbau, kenako basi chifukwa ku Herrnhut sitima inasiya kale kupitako. Katauni kake ndi kakang'ono zedi, kali ku Saxony kufupi ndi malire a Czech ndi Poland, ungoyenda pang'ono wafika kale kuminda. Ngakhale muwerengere ndi midzi yozungulira ngati Berthelsdorf ndi Ruppersdorf anthu ake sakwana 6,000, ndipo amene tinkakumana nawo mumsewu ambiri ndi achikulire, achinyamata a dera lonselo ambiri anapita kumadzulo kukafuna ntchito Germany itakhalanso dziko limodzi mu 1990.

Bambo amene ankatiyendetsa anatifotokozera mbiri, ine ndinalemba mu kope monga munandituma. Tauniyi inayamba mu 1722 ndi anthu othawa kwawo ku Moravia chifukwa cha chikhulupiriro, mwini malo Zinzendorf anawalola kumanga pamunda wake, ndipo kalipentala wina Christian David ndi amene anadula mtengo woyamba pa 17 June. Pofika 1727 analipo ngati 300 koma akukangana koopsa pa ziphunzitso, mpaka pa 13 August chaka chomwecho anakadyera limodzi mgonero m'tchalitchi cha ku Berthelsdorf n'kukhululukirana. Mu 1732 mpingo wawowo, wa Moravian, unatumiza amishoni oyamba ku chilumba cha St Thomas ku Caribbean. Chimene chinatikhudza tonse ndi choti mu 1891 amishoni a mpingo womwewu popita ku Rungwe ku Tanzania anadzera mu Shire ndi nyanja yathu mpaka Karonga. Mlongo wathu wa ku Karonga uja misozi inalengeza, akuti ndiye kuti anthu a kamudzi kano anaponda kwathu ife tisanalote n'komwe zoponda kwawo.

Tchalitchi chawo n'choyera mbee, mabenchi oyera, palibe guwa lalitali koma katebulo basi. Chinapsa mu May 1945 nkhondo ikutha n'kumangidwanso. Tinapempha kuti tiyimbemo ndipo anatilola, amayi aakulu atayambitsa nyimbo ija timatsekera nayo Lachisanu, abale inu mawu ankamveka ngati tilipo kwaya ya sinodi yonse. Alendo ena anaima pakhomo mpaka tinamaliza. Kumanda kwawo pa phiri la Hutberg miyala yoposa 6,000 ndi yogoneka pansi yofanana yonse, amuna mbali yawo akazi mbali yawo, olemera ndi osauka osasiyanitsa, kupatula a banja la Zinzendorf amene manda awo ali pakati ndipo ndi okwera. A mlembi anafunsa za chimenechi mosaopa, ine ndinakondwera kuti anafunsa.

Tsopano nkhuku. Chilungamo chake ndi ichi: a msungichuma anapereka ndalama ya ndiwo kwa achimwene athu a gitala tili m'basi, ndinaona ndi maso anga. Achimwenewo ankayesa kuti angosunga, ogula ndi amayi. Amayi nawo ankayesa kuti agula kale. Madzulo onse a Loweruka gulu lonse linali kosankha nyenyezi zokongoletsera zija za nsonga 25 zimene amapanga konko, aliyense kufuna yofiira, kufuna yachikasu, za nkhuku osakumbuka ndi mmodzi yemwe. Kudzuka Lamulungu mashopu onse otseka, ndipo tonse tikudziwa kuti kuno Lamulungu sugula kanthu, nanji katauni kotere. Ufa tinali nawo, mpoto waukulu uja tinaunyamula kuchokera ku Berlin mosinthanasinthana, mthiko ulipo, ndiwo palibe.

Mawu anakwera kukhitchini, sindibisa. A msungichuma akuti ndalama ya gulu simasewera, achimwene akuti bwanji simunanene poyera, a tcheya akuyesa kuletsa koma osamveka. Amayi aakulu anangotuluka osayankhula, kubwera ndi kajumbo kokulungakulunga, kutsegula, usipa wouma wa ku Nkhotakota umene anawabweretsera mwana wawo, ankausunga kuti adzadye pa Khirisimasi. Khitchini inangoti zii. Anati ana inu, dzulo lomweli mwamva kuti eni mudzi uno anasiya mkangano n'kudyera limodzi, inu mukufuna muuyambitsenso chifukwa cha nkhuku? Kazingani anyezi.

Fungo la usipa linadzaza nyumba yonse ya alendo mpaka tinatsegula mawindo kunja kukuzizira. Mayi wachijeremani wosamala nyumbayo anabwera, ife kuganiza kuti tikalipiridwa, koma atamva vuto lathu anapita kwawo n'kubwera ndi mbatatesi yophika ndi makoko ake, quark (tchizi chofewa chonga chambiko) ndi mafuta a Leinöl (a njere za fulakesi), akuti ndiye chakudya cha dera lawo. Anakhala nafe pansi, kusamba m'manja, kutema nsima, mbamu yake yoyamba inagwa koma yachiwiri anaigwira bwino. Achimwene a gitala anadya nsima ndi quark mbale ziwiri, ndiye amene mukudabwa dzina lawo latsopano lija mwadziwa kumene lachokera.

Zikomo kwambiri amayi aakulu, usipa wanu gulu lagwirizana kuti libweza aliyense akapita kumudzi. Zikomo a tcheya potilimbikitsa kuti tisangoona Berlin yokha, a mlembi potimasulira Chijeremani tsiku lonse mpaka mawu kusasa, ndi anyamata amene ananyamula mpoto. Inu amene munatsala ndi ana athu, Mulungu akudalitseni. Ndalama ya nkhuku yabwerera m'thumba la gulu yonse, a msungichuma atsimikiza. Amene simunamalize ya thiransipoti muwaone Lachisanu lino, ndipo amene muli ndi vidiyo ya m'tchalitchi muja tumizani pa gulu, ambiri akuifunsa.