Tinakayamba chaka pa bwalo la Cracovia

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Manchester, lija timakumana Loweruka kumenya mpira wochotsa dzimbiri, linagwirizana kuti tchuthi cha kumapeto kwa chaka tisangobindikira m'nyumba. Ndege za ku Kraków n'zotsika mtengo, komanso mnzathu wina wa ku Poland amene amasewera nafe anali atatiboola m'makutu ndi nkhani za timu yake, Cracovia. Atcheya atalengeza za ulendowu, amayi ndi ana nawonso analembetsa. Ndalemba lipotili kuti anzathu amene anatsalira amveko zomwe tinakaona.

Tinapeza kukuzizira koopsa, dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane. Amene anatiyendetsa ndi bambo ake a mnzathuyo, agogo opuma pantchito, omwe akhala akuchemerera Cracovia kuyambira ali mwana. Sanafulumire kutilowetsa m'bwalo. Anayamba atiimika pa Błonia, dambo lalikulu la udzu wokhawokha, la mahekitala 48, lomwe lili m'kati mwa mzinda. Ukaima pakati pake, mbali ino ukuona bwalo la Cracovia, tsidya linalo la Wisła, timu inanso ya mumzindawu, mtunda wongoyenda pansi mphindi zochepa. Pafupi pomwepo pali paki yomwe dokotala Henryk Jordan anatsegula mu 1889 kuti ana asukulu azichitiramo masewera, ndipo mpira wa mu Kraków unamera m'menemo. Nthawi imeneyo dziko la Poland kunalibe pamapu, mzindawu unkalamulidwa ndi Austria. Cracovia imawerengera kubadwa kwake pa 13 Juni 1906, ndipo mwa matimu amene akadalipo m'dzikomo ndiyo imatchedwa yakale kuposa onse. Wisła nayo ndi ya chaka chomwecho.

Matimu awiriwa anakumana pa 20 Sepitembala 1908 n'kulepherana 1-1, ndipo mpaka lero masewera awo amatchedwa Nkhondo Yoyera. Ife ozolowera phokoso la Maule ndi Manoma tinkayesa n'chimodzimodzi, koma agogowo anatichenjeza nkhope ili gwa kuti masikafu ofiira ndi oyera amene tinagula tisayende nawo poyera m'madera ena. Chidani cha magulu ena a masapota chinaphetsapo achinyamata ndi mipeni. Zinandiwawa kumva zimenezi pamalo okongola chotere.

Msewu wodutsa pabwalo la Cracovia uli ndi dzina la Józef Kałuża, womwetsa zigoli wawo wotchuka. Iyeyu analipo pamene timuyi inakhala akatswiri oyamba a dziko la Poland mu 1921. Pa 18 Disembala chaka chomwecho, timu ya dziko itasewera koyamba ku Budapest n'kugonja 1-0 kwa Hungary, osewera 7 mwa 11 anali a Cracovia. Pambuyo pake Kałuża anakhala mphunzitsi wa timu ya dziko, ndipo ndi iye anaitsogolera ku World Cup ya 1938 komwe inagonja 6-5 kwa Brazil. Ukatswiri unabweranso mu 1930, 1932 ndi 1937. Nkhondo itabuka, a ku Germany analetsa anthu a ku Poland kuchita masewera, koma anyamata ankaseweretsabe mpira mobisa m'mabwalo a kunja kwa mzinda. Mu 1948 Cracovia ndi Wisła anamaliza ligi ali ndi mapointi ofanana, anakumananso padera, Cracovia n'kupambana 3-1.

Apa agogowo anayamba kulankhula pang'onopang'ono, chifukwa chimenecho chinali chikho chomaliza cha ligi. Boma la chikomyunizimu linasintha mayina a matimu, Cracovia n'kukhala Ogniwo, pamene Wisła inaikidwa pansi pa apolisi n'kutchedwa Gwardia. Mu 1954 timuyi inatuluka mu ligi yaikulu. Dzina linabwerera, koma mphamvu ayi. Inkangosuzumira pamwamba n'kutsikanso, mpaka kumasewera mu divishoni yachitatu, ngongole zili tho. Agogowo ankapitabe, limodzi ndi anthu ochepa okhala pa mabenchi owola. Inabwerera mu ligi yaikulu mu 2004, patatha zaka 20, kampani ya makompyuta ya Comarch ya Janusz Filipiak itaikamo ndalama. Bwalo linamangidwanso mu 2010, limalowa anthu pafupifupi 15,000, ndipo mu 2020 anatenga chikho cha dziko atagonjetsa Lechia Gdańsk 3-2. Kuchokera 1948 n'zaka 72. Kwa ine, moyo weniweni wa timuyi uli pa anthu a mabenchi owola aja kuposa pa zikho zisanu za ligi.

Amayi a Chikatolika m'gulu lathu anasangalala kumva kuti Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe paunyamata ankakonda kukhala goloboyi, ankachemerera Cracovia, ndipo timuyi inasiya kupereka nambala 1 kwa wosewera aliyense pomulemekeza.

Chimene tinayendera chinachitika pa 1 Januwale, 12 koloko masana. Potsatira mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1920, timu yaikulu imasewera ndi ya achinyamata ake pa nthawi imeneyi, ngakhale kugwe chipale. Palibe chikho, palibe mapointi. Anthu anabwera ndi makanda okutidwa m'mabulangete ndi mafulasiki a tiyi, ena maso ali psuu chifukwa cha kuchezera usiku. Mayi wina wachikulire amene tinakhala naye pafupi ataona mwana wa asekeletale akunjenjemera, anavula magolovesi ake n'kumuveka, kenako anamunyemera obwarzanek, buledi wobulungira wa chiboo pakati amene amagulitsa m'misewu ya Kraków. Chigoli choyamba chitalowa, bwalo lonse linaimirira, anthu n'kumapatsana moni wa chaka chatsopano ndi aliyense, ife tomwe.

Pobwerera tinagwirizana zoti Januwale akubwerayu akuluakulu adzasewere ndi ana athu masana a tsiku loyamba la chaka. Asungichuma adzapereka tsatanetsatane wa ndalama za ulendowu pamsonkhano wa mwezi uno, ndipo amene muli ndi zithunzi mutumize kwa asekeletale msonkhanowo usanafike.