Kuwerengera kuti akuombereni m'manja

Tsiku lotsekera teremu m'masukulu ambiri a pulaimale muno mu Blantyre, kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, ana amakhala pansi pabwalo aphunzitsi n'kumaitana mayina, kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza. Atatu oyambirira amawaombera m'manja, mwina n'kuwapatsa kope ndi cholembera. Akumapeto amabwerera kwawo atazyolika, lipoti atalipindapinda m'thumba. Mwambowu suchedwa kutha, koma phunziro lake mwana amakula nalo: kuti kufunika kwake monga munthu kumalengezedwa ndi wina, pagulu, katatu pachaka. Akafika Fomu 4 kapena chaka choyamba ku yunivesite ya MUBAS woitana mayina palibenso, koma bwalo lija amakhala atalisenza m'mutu, ndipo funso loti "anthu anena chiyani" limamufikira asanatsegule n'komwe buku.

Njala ya kuyamikiridwa sivuta kuiona, chifukwa imaonekera m'kawerengedwe. Wophunzira wotere akakhala pagulu lokambirana amathamangira mitu yomwe akuidziwa kale kuti anzake amutame, mutu womuvuta n'kumauzemba mpaka mwezi wa mayeso. M'kalasi safunsa, kuopa kuti funsolo limuulula. Pepala likabwera ndi malikisi ochepa amalibisa pansi pa matiresi osaliyang'ananso, chonsecho m'pepala lomwelo ndi momwe muli zonse zofunika kukonza. Ena amachita kudikira usiku womaliza kuti ayambe kuwerenga. Anthu amati ndi ulesi, koma nthawi zambiri si ulesi ayi. Akufuna kuti akalephera akhale ndi ponamizira, poti kunena kuti "sindinawerenge" kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kuvomera kuti "ndinawerenga koma zinandikanika".

Katswiri wa za maganizo wa ku America, Carl Rogers, ankaphunzitsa kuti mwana akaona kuti chikondi chimabwera pokhapokha akachita bwino, amayamba kudziyesa ndi muyeso wa anthu ena mpaka wake kuuiwala. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anaonetsa momwe zimenezi zimayendera pa maphunziro. Anapatsa ana a pulaimale mafunso osavuta, atatha n'kuuza ena kuti "wakhoza chifukwa ndiwe wanzeru", ena kuti "wakhoza chifukwa walimbikira". Atawafunsa ntchito yotsatira yomwe angakonde, ambiri mwa otamidwa nzeru aja anasankha yophweka, kuopa kutaya dzina lawo. Atakumana ndi mafunso ovuta anataya mtima msanga, ndipo powauza kuti alembere ana anzawo malikisi omwe anapeza, pafupifupi 4 mwa ana 10 aliwonse a gululi ananama, n'kuwonjezera malikisi. Kwa otamidwa khama, onama anali kupitirira pang'ono mmodzi mwa 10. Nchifukwa chake mawu oti "mwana wathuyu ndi shasha" ine ndimawaona ngati katundu, ngakhale onenawo amanena mwachikondi. Mwana wopatsidwa dzinali amayamba ntchito yoliteteza m'malo mwa ntchito yophunzira.

Mankhwala omwe amafalitsidwa kwambiri pa Facebook ndi oti muziima pagalasi m'mawa n'kumadziuza kuti ndinu wapamwamba. Musadalire zimenezo. Joanne Wood ndi anzake ku Canada anapeza mu 2009 kuti anthu odzikayikira akamabwereza mawu odzitama otere amamva kuipa kuposa poyamba, chifukwa mtima umakana zomwe pakamwa pakunena. Kudzidalira kokhazikika kumafuna umboni, ndipo umboni wake uyenera kukhala woti mwauona nokha, wina asanayankhulepo.

Chida chothandiza kwambiri apa ndi kope la zolakwa. Tengani pepala la mayeso akale a MANEB kapena a kosi yanu, mulembe mosayang'ana m'notsi, potsatira nthawi yomwe yalembedwa pamwamba pa pepalalo. Mukatha mudzichonge nokha ndi buku kapena mayankho ovomerezeka, musanaonetse aliyense. Kenako tsamba la kope ligaweni magawo atatu: funso lomwe mwalakwa, yankho lolondola, ndi chifukwa chomwe mwalakwira. Gawo lachitatuli ndiye mtima wa ntchito yonse, ndipo zifukwa zololedwa ndi zinayi zokha: mutuwu sindikuudziwa, ndimaudziwa koma ndasokoneza njira, funso sindinaliwerenge bwino, nthawi inandithera. Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Choyamba chimafuna kubwerera ku buku kapena kwa aphunzitsi, chachiwiri chimafuna mafunso ena asanu a mtundu womwewo, chachitatu chimafuna kudula mzere pansi pa mawu olamula m'funso musanayambe kuyankha, chachinayi chimafuna wotchi patebulo. Mafunso a m'kopelo muwayesenso pakatha masiku 2, kenako 7, kenako 21. Lomwe mwalikhoza maulendo onse atatu lidulidwe.

Njirayi imawawa, ndipo kuwawako ndi komwe kumathawitsa ambiri. Kungowerenganso notsi kumakoma chifukwa tsamba lililonse limaoneka lodziwika. Koma Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti ophunzira omwe ankadziyesa okha anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa omwe ankangobwereza kuwerenga, ngakhale obwerezawo ndi amene ankadzimva kuti akonzeka kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kope limeneli limaonongeka m'njira zitatu. Ena m'gawo la chifukwa amalemba kuti "ndine mbuli pa masamu". Chimenecho si chifukwa, ndi chigamulo, ndipo sichikuuzani tsamba loti mutsegule mawa. Lembani kuti "sindikudziwa kupeza gradient ya mzere", mwapeza kale pogwira. Ena amadzichonga mwachifundo, n'kumadzipatsa theka la malikisi poti "ndimafuna kulemba zimenezo". Wochonga wa MANEB saona zomwe mumafuna kulemba. Ndipo ena kopelo akangoona kuti likuyenda bwino amalijambula n'kuliika pa status ya WhatsApp, njala ija yalowanso pakhomo la kuseri. Kwa milungu 6 yoyamba kopeli lisaonedwe ndi wina aliyense kupatula mphunzitsi amene mukumufunsa chinthu chenicheni.

Mantha a kuseka kwa anthu satha poganiza chabe, amatha pokumana nawo pang'onopang'ono. Sankhani phunziro limodzi, ndipo sabata iliyonse mufunse funso limodzi m'kalasi, lochokera m'kope lija. Musanafunse lembani chomwe mukuopa kuti chichitika, ndi kukula kwa manthawo kuyambira 0 mpaka 10. Kalasi ikatha lembani zomwe zachitikadi: aseka angati, aphunzitsi anati chiyani, mawa lake alipo anakumbukira? Mukachita kanayi kapena kasanu muwerenge zonse pamodzi. Mu 2000 Thomas Gilovich ndi anzake ku yunivesite ya Cornell anaveka ophunzira malaya ochititsa manyazi n'kuwalowetsa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu aona, koma oonadi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Aliyense amakhala akudera nkhawa za malaya ake. Cholakwika chofala pa ntchitoyi ndi kufunsa funso lokometsera, lofuna kuti kalasi idabwe nanu. Funso loyenera ndi lomwe yankho lake simukulidziwadi.

Pali amene angati zonsezi ndi zachizungu, poti kwathu kuno kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambiwu ndi woona, ndipo kusiya kusakasaka matamando sikutanthauza kusiya kumva za anthu. Mayi amene amagulitsa tomato ku Limbe kuti fizi ipezeke ali ndi ufulu wonse woona lipoti, ndipo ulemu kwa iwo sukambidwanso. Kusiyana kuli apa: uphungu umakuuzani pokonza, matamando amangokuuzani kuti lero mwalandiridwa. Sankhani anthu awiri kapena atatu odziwa ntchitoyo omwe angakuuzeni zoona, ndipo kwa iwo musamafunse kuti "zili bwino?", chifukwa funso limenelo limapempha inde. Funsani kuti "ndime iti yafooka kwambiri?" kapena "ndataya pati malikisi?". Ndipo umunthu womwewo ndi umene umatsutsa bwalo la mayina lija. Mwana akatuluka m'chikuta amalandiridwa, amapatsidwa dzina, amaberekedwa kumbuyo, asanakhoze kanthu kalikonse. Kufunika kwake kunayambira pamenepo. Mapoyinti anabwera pambuyo, kudzayeza zomwe walemba m'maola ochepa.

Chinanso, kudziona wofunika kukatsamira pa mzati umodzi, mzatiwo ukagwedezeka nyumba yonse imagwa. Jennifer Crocker anafufuza ophunzira omwe ankadikira mayankho a sukulu za ukachenjede, n'kupeza kuti amene anaika moyo wawo wonse pa maphunziro ndi omwe ankakwera ndi kutsika kwambiri mumtima malinga ndi kalata ya tsikulo. Choncho ngakhale m'chaka cha mayeso siyani maola awiri kapena atatu pa sabata a chinthu chomwe palibe amakuchongani: kwaya, mpira wapabwalo la m'dera, kadimba kuseri kwa nyumba, kuphunzitsa mng'ono wanu kuwerenga.

Zotsatira za MSCE zikatuluka ndi pomwe zonsezi zimayesedwa. Magiredi amayambira pa 1 mpaka 9, mapoyinti amawerengedwa pa maphunziro 6 omwe mwakhoza bwino, ndipo tsiku lomwelo magulu a WhatsApp amadzaza ndi funso limodzi loti "wapeza angati?". Uzani makolo kapena okulerani, ena onse adikire maola 24. M'maola amenewo lembani papepala zinthu zitatu: giredi ya phunziro lililonse, njira zomwe zatseguka ndi magirediwo kuphatikizapo makoleji a ntchito zamanja, ndi maphunziro omwe mungalembenso ngati pakufunika kutsitsa mapoyinti. Munthu amene wayankha kale yekha funso loti "nanga tsopano" samagwedezeka kwambiri achibale akayamba kumufananiza ndi mwana wa aneba.

Koma ngati patha milungu iwiri tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mukudzitsekera m'chipinda, kapena maganizo ofuna kudzipha ayamba kubwera, kope silingathandizenso. Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, akuperekezeni kuchipatala chapafupi kapena ku Gulupu, komwe kuli madokotala oona za maganizo.