Thaulo linalipo, yang'anani bwino

Poti screenshot ija ya chithunzi changa chotsatsira ampulifaya yafika kale m'magulu onse mpaka kwa anthu amene tinasiyana kalekale kusukulu, bola ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu. Eya ndine. Mimba ija ndi yanga. Koma amene akufalitsa zoti panalibe thaulo akunama, thaulo linalipo, yang'anani bwino mmunsi chakumanzere.

Ndipo mlandu wonsewu mwini wake ndi mlamu wanga. Poyamba ine pofuna kuigulitsa ndinajambula ampulifaya yanga yokhala ndi wailesi, Pioneer SX-780, usiku, ndi fulashi, chithunzi chimodzi basi. Chinatuluka ndi kuwala kwa mbee pakati, mbali zonse mdima bii, ngati galimoto ya nyali imodzi ikubwera patsogolo pako. Masabata atatu zii, kupatula bambo wina amene anafunsa kuti "microwave yi ikutenthetsa?" Ampulifaya ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ma watts 45 mbali iliyonse, yolemera moti ukainyamula msana umakukumbutsa zaka zako, munthu nkuitchula microwave.

Nde mlamu wanga, amene amadzitenga katswiri wa chilichonse chokhala ndi waya, anandikhazika pansi. Akuti alamu, pafoni munthu sangamve kulira kwa chinthu, amagula ndi maso. Jambulani masana pafupi ndi windo, fulashi zimitsani, pukutani kaye kagalasi ka kamera kali ndi mafuta a zala zanuko. Kutsogolo, m'mbali, kumbuyo komwe kuli mabowo a RCA olowetsamo mawaya a nyimbo ndi pomangira mawaya a masipika, osaiwala pamene analemba serial number ndi ma volts chifukwa munthu amafuna adziwe ngati ndi ya 110 kapena 220 asanaione ikufuka utsi m'nyumba mwake. Chithunzi china muiyatse, nyali ndi timivi ta ma meter tioneke kuti tili moyo. Masipika muwavule nsalu yakutsogolo anthu aone siponji yozungulira ija, poti ikakalamba imangoyoyoka ukaikhudza ndipo ogula odziwa amayambira pomwepo. Pokalika paliponse onetsani, mukabisa adzakubwezerani katundu ndi mawu pamwamba.

Malangizo abwino ndithu, sindikutsutsa. Kungoti pa zonsezi sanatchulepo zovala.

Tsiku limenelo ndinapukuta chinthu chija maola awiri. Kabulashi m'mipata, kansalu kofewa pagalasi, mabatani onse mmodzimmodzi mpaka chinayamba kuwala ngati changotuluka kufakitale. Ine fumbi lokhalokha, thukuta kamukamu, ndinakasamba. Potuluka kubafa ndinangoona dzuwa lalowa pawindo mwa mtundu wina wake, lofewa, lagwera pa ampulifaya ndendende, ndipo mumtima ndinati ndikati ndikavale kaye kuwala kumeneku kundithawa. Aliyense wodziwa kujambula akanachita zomwe ndinachitazo. Ndinatenga foni.

Chimene sindinkadziwa nchoti galasi likakhala ndi mdima kumbuyo kwake, iwe uli powala, limasanduka kalilole. Ampulifaya inali yozimitsa pa chithunzi choyambacho. Dzuwa lofewa lija silinagwere ampulifaya yokha, linagweranso ine.

Zithunzi 12, ndinaziika pa Facebook Marketplace, foni m'thumba, ndikuimba kaluzu. Pasanathe ola foni inayamba kunjenjemera osapuma ndipo ine ndinadandaula kuti mwina mtengo ndautsitsa kwambiri. Uthenga woyamba unali wa bambo wina waulemu kwabasi, zikuoneka kuti amazidziwa zinthuzi. Akuti "Bwana, katundu ndi wosamalika, koma ndapanga zoom pagalasi la wailesi, pali kadontho kakuda pa 98 FM, ndi kobowoka kapena ndi dothi?"

Ndinathamangira pa ampulifaya. Galasi loyera bwinobwino, pa 98 palibe kanthu. Ndinapukutabe. Ndinatsegula chithunzi, zala ziwiri pa sikirini, kukoka, kukokanso.

Unali mchombo wanga.

Abale, mchombo uli phee pakati pa 96 ndi 100 ngati siteshoni. Ndipo utangouona mchombowo zina zonse zimayamba kutuluka pang'onopang'ono ngati munthu akuvuuka m'madzi. Mimba yayambira pa 88 mpaka 108, bandi yonse ya FM yatha, palibe siteshoni yotsala. Pamwamba pake ine ndanyonyomala, miyendo uku ndi uku, diso limodzi chotsinzina, lilime lili panja pang'ono mmene ndimachitira ndikaika mtima pa ntchito. Kumutu kachipewa kosambira ka madamu, kamaluwa. Ndikudziwa ndili ndi dazi, musandifunse, madzi ozizira pa dazi amapweteka ndipo ndi nkhani ya ine ndi mutu wanga.

Ndikanati zathera pompo. Chithunzi cha nambala 7 chinali cha sipika yovula nsalu, monga ananenera mlamu, ndipo pakati pa sipikayo pali kachivindikiro konyezimira kotukuka ngati kumbuyo kwa supuni. Mmenemo ndinalowamo yense. Mutu ngati kanjere, mapazi kutali uko, pakati ponse mimba, yozungulira, yowala, ili ndi kakuwala kake pambali ngati mwezi. Ndinakhala ndikuyang'ana mphindi mwina zisanu. Chinandipweteka nchoti chithunzicho chinali chakuthwa bwino, tsitsi la pachifuwa ukhoza kuwerenga, ndipo siponji ya sipika imaoneka bwino lomwe kuti ndi yosang'ambika. Palibe anayamikira siponjiyo.

Ma comment nde musanene. Wina akuti woofer (sipika yaikulu ya bass) yapakatiyo ndi ya mainchesi angati. Wina akuti bass yake ikuoneka ndi maso. Mayi wina anangofunsa ngati kachipewako kakugulitsidwa padera, ndipo madamu ataona zimenezo anangolowa kuchipinda nkutseka chitseko mwaulemu kwambiri, ulemu woopsa uja. Mlamu wanga, mphunzitsi wanga wa kujambula, ndi amene anayamba kutenga screenshot. Ndamufunsa akuti amasungira umboni woti malangizo ake amagwira ntchito, anthu ambirimbiri aona katundu tsiku limodzi pamene kale kunali zii.

Koma tinene zoona aise, inu amene mukusekanu zithunzi zanu timaziona. Sipika ili pabedi losayala, chala chaphimba theka la kamera, kumbuyo mwana akulira. Ine zanga zinali zoyera, zowala, zoonetsa chilichonse. Zinangoonjeza kuonetsa.

Ndinazichotsa nkujambulanso mawa lake nditavala malaya akuda a manja aatali, thalauza, nsapato zomwe, nditaima chapambali osati maso ndi maso ndi galasi, foni patali pang'ono. Chithunzi chilichonse ndinachipanga zoom ngodya zonse ngati wapolisi ndisanachiike.

Ampulifaya inagulidwa ndi bambo aja a 98 FM. Atafika pageti sindinadzitchule nkomwe, anangoyang'ana pamimba nkunena kuti "ndi inuyo eti." Anaiyesa, anapotokola mabatani kumvetsera ngati akukhekhereza, analipira, ananyamula. Potsanzika anati siteshoni ija kwawo sikugwira.

Masipika akadalipo. Amene akufuna inbox, koma zofunsa za thaulo sindikuyankha, madamu analisandutsa chokolopera.