Dongo la kwa agogo ku Dedza

Chaka cha 2024 chinandivuta abale, koma osati kuvuta kooneka ndi maso. Ntchito ndinali nayo, ndimadzuka 5 koloko, kusamba, kuthamangira minibasi ya ku Area 25 kupita m'tauni, kukhala pa kompyuta mpaka madzulo, kubwerera kutada, kudya, kugona, mawa lake chimodzimodzi. Salale imabwera inde, ngakhale chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja imangodutsa m'manja ngati madzi. Koma nkhani sinali ya ndalama kwenikweni. Mumtima munali pululu. Ndimatha kuseka ndi anzanga mu ofesi koma ndikafika kunyumba kumangokhala pa bedi nsapato zili kuphazi, osadziwa kuti ndikulimbikira chani.

Anzanga amati ndi sitilesi chabe, pita kunyanja ukapitidwe mphepo. Ndinapitadi ku Senga Bay, zithunzi ndinajambula, pa WhatsApp ndinaponya, pobwera zonse zinali momwemo.

Mu June ndinatenga tchuthi nkupita kumudzi ku Dedza, kwa agogo anga obereka mayi. Kuzizira kwa ku Dedza mu June mukukudziwa inu, kumalowa mpaka m'mafupa. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atakhala pa chiguduli, dongo lili pambali. Atandiona anangoti, "Nabanda, wabwera? Tabwera undipondere dongoli, ine miyendo yayamba kukana." M'tauni palibe amene amanditchula mfunda wanga, ena amati madamu, ena dzina lachizungu lija, ndiye kumva Nabanda misozi inalengeza ndithu.

Ndinavula nsapato nkuyamba kuponda. Agogo amaumba miphika, nkhali ndi mitsuko kuyambira ali mtsikana, ndipo ine ndili mwana ndimakhala pambali pawo nkumaumba timiphika tamasanje, zimene ndinali nditaiwaliratu. Anandikumbutsa zonse. Dongo umayamba walisankha timiyala, chifukwa kamwala kamodzi kokha kakatsalira mphika umaphulika pamoto. Umaumbira pa phale kuti uzitha kutembenuza, umapota dongo ngati chingwe nkumasanjikiza, kunja umasalaza ndi chitsononkho, likayamba kulimba umakulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka liwale. Kuumitsa kwake ndi pamthunzi masiku angapo, ukathamangira padzuwa umang'aluka. Wanga woyamba unapendekeka kukamwa, agogo anaugwira, anautembenuza, nkuti "Manja akukumbukira awa, mutu ndi umene unaiwala."

Tsiku limenelo foni sindinaigwire mpaka dzuwa kulowa, ndipo usiku ndinagona tulo tofa nato, timene ndinali nditatisowa miyezi yambiri.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zimene anayankhula tikuwotcha miphika ija ndi makungwa. Anati atsikana a masiku ano safunanso kuphunzira, ndowa za pulasitiki ndi mapoto a m'sitolo zinalanda malo, ndiye iwo akadzatsikira kulichete luso limeneli lidzapita nawo limodzi. Sanadandaule ayi, amangonena akusonkhezera moto. Koma ine zinandikhala pamtima ulendo wonse wobwerera pa M1.

Ntchito sindinasiye, renti siyidikira munthu. Chimene ndinachita nchoti pa mwezi kamodzi ndimapita kukatenga thumba la dongo, kondakitala amandilipiritsa mpando wina chifukwa cha kulemera kwake koma ndimalipira mosanyinyirika, kenako Loweruka masana ana apafupi amabwera pakhonde panga kudzaumba. Anayamba atatu, pano amadzaza khonde, ena amabwera ndi azing'ono awo kumbuyo. Phokoso lake, matope pakhoma ponse, koma Lolemba ndimapita ku ofesi ndili munthu wina, chifukwa ndikudziwa chimene ndikudikira kumapeto kwa sabata.

Ndinene apa kuti si kulemedwa mtima konse kumene kumatha ndi dongo. Ngati zafika poti simukudya, simukugona, kapena mukuganiza zodzipweteka, chonde kaonaneni ndi achipatala, a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza pa nkhani zimenezi, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Loweruka likubwerali tikuwotcha miphika yoyamba ya anawa. Ndawauziratu kuti ina iphulika, asalire. Umodzi wabwino kwambiri tagwirizana kuti ndipita nawo ku Dedza, agogo akauone okha.