Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kusaka usipa wa amayi pa intaneti

Gawo lapita lija ndinalekezera poti malume anandisiyira laputopu yakale, yakufa batire, yoyaka pokhapokha magetsi alipo. Apo n'kuti nditalemba mayeso a Fomu 4, ndikungokhala pakhomo kwathu ku Mangochi kuno. M'mawa ndinkathandiza amayi kuyala usipa pathandala, madzulo n'kumakaikweza matumba pagalimoto zopita ku Limbe.

Aphunzitsi anga akale a jogalafe ndi amene anandionetsa tsamba la Observatory of Economic Complexity. Anati, "Lemba Malawi apo, uone zimene timagulitsa kunja." Panatuluka mabokosi amitundumitundu, kukula kwa bokosi kukusonyeza ndalama zimene katunduyo amabweretsa. La fodya linali chimphona. Tiyi ndi shuga zinali pambali pake. Mbali ya zogula kunja kunali mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala. Bandulo yanga inatha usiku womwewo, koma sindinadandaule.

Chimene chinandigwira mtima ndi manambala. Katundu aliyense wodutsa pachipata cha dziko ali ndi nambala yake ya HS, dongosolo limene linayamba kugwira ntchito mu 1988, la bungwe loona za kasitomu padziko lonse la World Customs Organization. Fodya wosakonza ndi 2401, tiyi 0902. Ngakhale kaunjika amene timasankha mumsika ali ndi yake, 6309. Nsomba zouma ndi zowamba zili pa 0305, ndipo apa mpamene ndinathamangira, pofuna kuona thukuta la amayi. Ndinasaka pa masamba ena a ziwerengero za malonda: UN Comtrade, kenako Trade Map ya bungwe la International Trade Centre la ku Geneva. Pang'onopang'ono ndinamvetsa kuti ziwerengerozi zimachokera ku zimene maiko alemba pa kasitomu. Usipa wochoka ku Makawa kupita ku Lilongwe sudutsa malire, ndiye sungalembedwe. Beseni lowoloka panjinga m'tinjira ta cha ku Chiponde popanda pepala nalonso silioneka. Koma mbuna zamoyo zokwera ndege kukakongoletsa nyumba za ku Ulaya zili ndi malo ake pa 0301.

Ndinawafotokozera amayi akusankha usipa. Anaimitsa dzanja.

"Ndiye makina akowo akuti ife sitigwira ntchito?"

"Ayi amayi, amangowerenga zotuluka m'dziko."

"Nanga fizi yako inkachokera ku fodya?"

Ndinasowa choyankha. Zidazi n'zabwino, ndipo mpaka lero ndimauza achinyamata kuti azizitsegula asanayambe kutsutsana za chuma pabawo. Koma funso la amayi linandikhala pamtima masiku ambiri.

Aphunzitsi omwewo anali atandiikira Scratch, pulogalamu yaulere yopangira masewero apakompyuta, imene inatuluka ku yunivesite ya MIT ya ku America mu 2007. Sifuna intaneti ukaiika pakompyuta, ndipo sulemba malamulo ataliatali, umangolumikiza timidadada tamitundu ngati ukumanga nyumba ya ana. Ndinachotsa kamphaka kamene kamayamba kuoneka kaja, n'kujambula bwato la siginala, msodzi wokopa usipa ndi kuwala, ndi nyali yake, nyanja yakuda bii ngati usiku wopanda mwezi. Usipa unkatulukira m'mphepete kulondola kuwala, wosewera n'kumaukokera ku chilimira. Mapointi sindinawatche mapointi. Ndinalemba kuti ndowa.

Woyamba kusewera anali mng'ono wanga. Atasewera kanthawi anakuwa, "Achimwene, nsomba zatha m'nyanja!" Zoonadi, panalibe usipa watsopano wotuluka. Ndinavutika masiku awiri, magetsi akuzimazima. Kenako ndinazindikira kuti Scratch salola makope a chinthu kupitirira 300 nthawi imodzi, ndipo ine ndinkangobisa usipa wogwidwa osaufufuta. Kamdadada kamodzi kolembedwa "delete this clone" kanakonza zonse.

Loweruka lake ana a m'mudzi anadzaza khonde, kulimbirana mabatani ndi manja onunkha nsomba. Amayi anabwera ataimika ntchito, chitenje m'chiuno, n'kusuzumira pamwamba pa mitu yawo. Anayang'ana nambala ya ndowa ikukwera.

"Zakwana zingati?"

"Khumi ndi ziwiri, amayi."

"Uikemo ndi mwera," anatero. "Pasamakhale kupha tsiku lililonse."

Usiku umenewo ndinayamba kujambula mafunde.