Tinambala ta pamsana pa buku

Mwezi uno ndakhala ndikuwerenga za mmene anthu amasanjira nzeru, ndipo zomwe zandigwira mtima ndi tinambala timene timamatidwa pamsana pa mabuku ku laibulale. Anayambitsa tinambalati ndi Melvil Dewey mu 1876, ali ku Amherst College ku America. Anagawa nzeru zonse m'magulu khumi: zipembedzo pa 200, zinenero pa 400, sayansi pa 500, choncho basi.

Koma tasuzumirani mkati mwa 400 muja. Chingerezi chili ndi malo akeake kuyambira 420 mpaka 429. Chijeremani chili pa 430, Chifalansa 440, Chitaliyana 450, Chisipanishi 460, Chilatini 470, Chigiriki 480. Zinenero zina zonse za padziko lapansi zinaunjikidwa pa 490, ndipo zambiri za muno mu Africa zikupanikizana pa nambala imodzi yokha, 496. Kuti ufike pa Chichewa uyenera kudutsa kadontho n'kutsata manambala ena angapo, moti pa kabuku kopyapyala kapepala kaja sikakwana pamsana, kamachita kupindikira pachikuto. Ku zipembedzonso n'chimodzimodzi: Baibulo ndi Chikhristu zinatenga 220 mpaka 280, Chisilamu chili pa 297. Zimandiwawa ndithu, chifukwa mwana woyenda m'mashelefu amaona ngati kukula kwa malo ndiye kukula kwa nzeru.

Kenaka ndinawerenga za Dmitri Mendeleev, katswiri wa sayansi wa ku Russia, ndipo mtima unakhalako pansi. Mu 1869 anasanja maelementi (zinthu zoyambirira zomwe zimapanga zinthu zina zonse, monga golide ndi mkuwa) 63 omwe ankadziwika nthawiyo, koma pomwe ndondomeko inkasonyeza kuti pakusoweka kanthu, iye sanatsekepo. Anasiya mpata, n'kulemberatu mmene chosowacho chidzakhalire chikadzapezeka. Apa mpomwe ndikuona kuti anthu awiriwa anasiyanirana: Dewey anapereka malo motengera mabuku omwe anali pafupi naye, Mendeleev anasungira malo zomwe anali asanazione.

Mu 1875 Mfalansa wina, Lecoq de Boisbaudran, anapeza chitsulo chotchedwa gallium, chimodzi mwa zomwe Mendeleev anazisiyira mpata, kenaka n'kulengeza kuti kulemera kwake poyerekeza ndi madzi ndi 4.7. Mendeleev, yemwe chitsulocho anali asanachigwirepo m'manja, analemba kalata kuti ayi, yezaninso, chiyenera kukhala cha m'ma 5.9. Mfalansayo atachiyeretsa bwino n'kuyezanso, anapeza 5.9.